Musagulitse gitala musanayese piki ina

Lidali Loweruka lina m'mwezi wa October, dzuwa likuswa mtengo monga lichitira kuno ku Nkhata Bay mvula ikamayandikira. Holo idadzaza mpaka ena kumasuzumira pa mawindo, ndipo ife a bandi tidali titayamba nyimbo yolowetsera akwati. Mkwati ndi mkwatibwi atafika pakatikati pa holo, kapiki kanga kadaterera m'zala n'kugwera m'bowo la gitala. Gitala yangayo ndiyo inkatsogolera nyimbo, tsono itangoti zii, woimba ng'oma adasokonezeka, atsikana oimba n'kuyamba kuyang'anana. Ine m'malo mopitiriza ndi zala, mutu udaima. Ndidanyamula gitala m'mwamba, n'kuizondotsa, n'kumaigwedeza ngati mwana wofuna kutulutsa makobiri m'chitini. Holo yonse idafa ndi phwete. Amayi ena achifundo adaimba nthungululu kuti andibisire manyazi, koma madzi adali atatayika kale.

Kwa inu amene simukanda gitala, piki ndikunenayi si ija yokumbira maenje a zimbudzi ayi. Ndi kapulasitiki ka makona atatu, kukula kwake ngati chitsekerero cha botolo la Fanta, kamene woimba amakapana ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala pokanda mawaya. Ena amakatchula kuti pulekitiramu. Pa zipangizo zonse za bandi palibe chotsika mtengo kuposa iko, palibenso chonyozeka ngati iko. Koma tsiku limenelo kadandidyera ntchito. A komiti adatilipira ndithu, koma ukwati wina wa m'banja lomwelo, umene adali atatilonjeza wa mu December, adakaitana DJ. Masiku ano bandi ikulimbirana ntchito ndi munthu mmodzi wonyamula laputopu ndi masipika, ndiye ukapunthwa kamodzi anthu sakupatsanso mpata.

Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale, koma gitala ndiyo imandiolotsa mwezi ukafika pakati. Ndimaimba kutchalitchi Lamulungu, m'maukwati, komanso madzulo ena m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, kuyambira kudoko mpaka ku Chikale. Ndidayambira pa banjo ya chigaloni cha mafuta, mawaya ake a mabuleki a njinga, ndili Sitandade 5. Zaka zonsezi ndakhala ndikusamala posankha mawaya, ndikutsutsana ndi anzanga za gitala yabwino ndi yoipa, koma za piki sindidaziganizepo ngakhale tsiku limodzi. Ndinkangotola yomwe yapezeka.

Ndipo sindili ndekha. Pamsika wathu mugula usipa, ufa wa kondowole, maukonde, mabatire ndi mafoni, koma mukafunsa piki akulozerani kwa ogulitsa makasu ndi mafosholo. Ambirife mapiki timakagula ku Mzuzu, ulendo wa makilomita pafupifupi 50, ndipo ndalama yokwerera kupita ndi kubwera imaposa mtengo wa kapikiko kangapo. Ena timalandira kwa abale ochokera ku Joni, ena kwa alendo odzacheza amene amatsika mu Ilala gitala ili kumsana. Ina ndidaitola mumchenga ku Chintheche pa chikondwerero cha Lake of Stars, chomwe chidayambira komweko mu 2004. Chopatsidwa sasankha. Motero ndidali ndi kachitini kodzaza mapiki osiyanasiyana, ndipo popita koimba ndinkangopisa dzanja ngati ndikuchita maere. Ya pa ukwati ija idali yokongola kuposa onse, yonyezimira ngati mkanda, yosalala mbali zonse ziwiri. Ndidaitenga chifukwa inkagwirizana ndi taye wanga.

Padalinso vuto lina lomwe ndinkawabisira anzanga a bandi. Kwa miyezi ingapo dzanja lamanja linkandipweteka, kuyambira patsinde pa chala chachikulu mpaka m'mkono. Ndikaimba nyimbo zisanu zala zinkachita dzanzi, ndipo m'mawa mwake ngakhale choko chinkandivuta kugwira. Kuchipatala adandipatsa mankhwala ochepetsa ululu, n'kundilangiza kuti ndipumitse dzanja kwa masabata angapo. Adandifunsanso funso limene lidandikhala m'mutu: kodi chimene ndimachifinya kwa nthawi yaitali n'chiyani? Nditaphatikiza ululuwo ndi manyazi a pa ukwati, ndidayamba kuganiza zopachika gitala kukhoma.

Ndisanatero, ndidati ndikawauze agogo amene adandiphunzitsa makodi oyamba, kumudzi kwathu mbali ya ku Chintheche. Ali mnyamata adakagwira ntchito ku Joni monga Atonga ambiri a nthawi yawo, ndipo adabwerako ndi jekete, chipewa ndi gitala. Lero maso adachita chidima koma makutu akadali akuthwa. Ndidawapeza pakhonde, tidalonjerana, ndipo ndidawafotokozera zonse.

"Taimbani ndimve," adatero.

Ndidayamba nyimbo. Ndisanafike ndi pakati pomwe, adatambasula dzanja lawo n'kugwira langa.

"Aphunzitsi, mwagwira piki kapena mwagwira wakuba?"

"Ada, ndikapanda kufinya ithawa."

"Ikamathawa ndiye kuti si yanu. Yanu ndi imene imakhala yokha m'zala. Inu mukulimbana ndi kapulasitiki, nanga nyimbo muimba nthawi yanji?"

Adandiuza kuti ndiike piki pansi ndiimbe ndi zala. Ndidamaliza nyimbo yonse dzanja osadandaula. Kenako adapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kachidutswa ka nyanga ya ng'ombe komwe adasema okha kalekale, kokhuthala, kokhala ndi kadzenje pomwe chala chachikulu chimakhazikika. Nditakagwira sindidaone chifukwa chofinyira. Gitala yomweyo idalira mawu ena, odzaza, ngati ndaisintha mawaya. Nditawapempha adakana. "Kandimverere adakanena za m'maluwa," adatero akuseka. "Iyi idasemedwa pa chala changa. Kafuneni yanu."

Tchuthi chotsatira, dzanja litapuma, ndidakhuthula kachitini kaja patebulo n'kuyamba kuyesa imodziimodzi. Nyimbo idali yomweyo, gitala yomweyo, ndipo foni ndinkaiika pampando patali pang'ono kuti izijambula, chifukwa zimene amamva woimba si zimene amamva munthu wokhala kutsogolo kwake. Ndidafufuzanso pa intaneti tanthauzo la timanambala tolembedwa pa mapiki ena. Zimene ndidapeza ndizo ndikufuna kugawana ndi anzanga okanda gitala, makamaka achinyamata a m'makwaya.

Choyamba ndi kukhuthala. Timanambala tija, monga .50, .73 kapena 1.14, timanena kukhuthala kwa piki m'mamilimita. Makampani ena salemba manambala, amangoti Thin, Medium kapena Heavy. Yopyapyala, ya 0.60 kutsika m'munsi, imapindika ikagunda waya. N'chifukwa chake imakoma pokwapula mawaya onse pamodzi, monga tichitira poperekeza kwaya. Sikodwa, ndipo ngakhale dzanja lako likhale lolemera iyo imakukhululukira. Koma imamveka thyaputhyapu pa mawaya, mawu a besi amachepa, ndipo ukafuna kuimba lidi yothamanga imakuchedwetsa, poti iyenera kuwongoka kaye isanagunde waya wina.

Yokhuthala, kuyambira 1.0 kupita m'mwamba, sipindika. Mphamvu yonse ya dzanja imalowa m'waya, mawu amatuluka aakulu ndi odzaza, ndipo manotsi a lidi amamveka limodzilimodzi. Vuto lake ndi loti sibisa cholakwa. Ukaifinya imakodwa m'mawaya, ndipo ukamenya mwaukali mawaya otsika mtengo amene ambirife timagula sachedwa kuduka. Zapakati, za 0.70 mpaka 0.90, zimagwira ntchito ziwiri zonsezi mosadandaulitsa, ndipo munthu amene ali ndi ndalama ya piki imodzi yokha ayambire pamenepa.

Kampani ya Dunlop ya ku America idapeputsa nkhaniyi pa mapiki ake otchedwa Tortex, aja okhala ndi chithunzi cha kamba, amene adayamba kupangidwa mu 1981. Mtundu uliwonse uli ndi kukhuthala kwake: ofiira ndi 0.50, a olenji 0.60, achikasu 0.73, obiriwira 0.88, abuluu 1.0, ndipo a pepo 1.14. Mukamatuma munthu ku Mzuzu, ku Lilongwe kapena ku Joni, n'kosavuta kumuuza kuti "mundigulire yachikasu ya kamba" kusiyana ndi kumufotokozera za mamilimita. Koma mitunduyi ndi ya kampani imeneyo basi. Yachikasu ya kampani ina ikhoza kukhala yopyapyala ngati pepala, choncho wotumidwayo ayang'anenso nambala.

Chithunzi cha kambacho chili ndi mbiri yake. Kale mapiki otchuka ankasemedwa kuchokera ku chigoba cha kamba wa m'nyanja zamchere wotchedwa hawksbill, chomwenso ankapangira zipeso ndi mafelemu a magalasi. Akambawo adachepa kwambiri, mpaka pangano la maiko la CITES, lomwe lidasainidwa mu 1973, lidadzaletsa malonda a zigoba zawo. Koma chiletsochi chisanabwere n'komwe, mkulu wina wa ku New York, Luigi D'Andrea, adali atayamba kale mu 1922 kudula mapiki kuchokera ku pulasitiki yotchedwa celluloid. Maonekedwe amene tonse tidawazolowera, a mapewa awiri obulungira ndi nsonga imodzi, adachokera ku kampani yake, ndipo mpaka lero amadziwika ndi nambala 351. Ndanena izi kuti anyamata asamve za kamba n'kuyamba kusaka afulu m'tchire mwathu. Pulasitiki idalowa kale m'malo, asiyeni aziyenda.

Chachiwiri ndi chimene adapangira pikiyo, ndipo apa ndi pamene padagona manyazi anga. Yonyezimira ija idali ya celluloid. Imalira bwino, sindikana, koma ndi yosalala, ndipo ikakumana ndi thukuta imasanduka sopo. Amene adaipanga sadaimepo m'holo ya malata ku Nkhata Bay mu October. Kuno kunyanja mpweya ndi wachinyezi, thukuta siliuma msanga, ndiye piki imene mnzathu wa ku Mzuzu kapena ku Dedza amaitamanda, kwa ife ikhoza kukhala mlamba m'manja. Ikangoyamba kuterera, zala zimafinya zokha osaziuza, ndipo kufinyako kumakwera mpaka m'mkono. Apa m'pamene ndidazindikira kuti ululu wanga ndi kugwetsa piki adali matenda amodzi.

Za nayiloni zambiri zimabwera ndi timizere kapena zilembo zotumphuka pogwirira, ndipo zimakakamira m'zala ngakhale thukuta lili kamukamu. Mawu ake ndi ofatsa, ndipo zimapindika kuposa zinzake za kukhuthala komweko, choncho ngati mudazolowera 0.73 ya mtundu wina, ya nayiloni tengani yokulirapo pang'ono. Za Tortex ndi zina zopangidwa ndi pulasitiki ya Delrin sizinyezimira. Zikakhala zatsopano zimamveka m'zala ngati zawazidwa ufa, zimakhalitsa, ndipo mawu ake ndi ouma bwino, omveka ngakhale ng'oma zikulira. Koma zikakalamba ufa uja umatha, nazonso zimayamba kusalala.

Ngati muli ndi yoterera ndipo mulibe ina, musaitaye. Itemeni ndi lezala mizere yopingasana pomwe zala zimagwira, kapena ikwecheni ndi sandipepala. Ena amaboola timabowo titatu kapena tinayi pakati kuti khungu la zala ziwirizo lizikhudzana, ndipo imagwirika bwino zedi. Koma samalani: ya celluloid musaiboole ndi msomali wamoto ndipo musaiyandikize pa mbaula, chifukwa imayaka ngati yathiridwa petulo. Iboolereni nsonga ya mpeni kapena ya sizasi. Kapulasitala ka pachilonda komata mbali zonse ziwiri kamathandizanso. Ine monga mphunzitsi ndimadzola fumbi la choko m'zala, ndipo mnzanga wa besi amakulunga yake ndi kalabala kochokera ku mipira ija anyamata amagulitsa m'mbali mwa msewu cha ku Vizara. Langizo lina silifuna ndalama: mukadya kondowole wa batala musanakwere pa siteji, sambani m'manja ndi sopo. Mafuta a batala ndi piki n'chimodzimodzi mphaka ndi galu.

Chachitatu ndi kukula kwake ndi nsonga. Ya 351 ija imakwanira anthu ambiri, koma si onse. Pali ina yaikulu ya makona atatu ofanana, yomwe oimba besi ambiri amaikonda. Ili ndi malo aakulu ogwira, ndipo nsonga imodzi ikatha umangotembenuza n'kuyamba ina. Kwa akuluakulu amene zala zidayamba kuuma, kapena asodzi anzathu a zikhatho zokakala ndi zingwe za chilimira, imeneyi ndiyo sivuta. Palinso kakang'ono kotchedwa Jazz III, komwe Dunlop adatulutsa mu 1976, kokhuthala 1.38, kansonga yakuthwa. Anyamata okonda lidi yothamanga ya rumba ndi sungura kangawakomere, poti kamadumpha kuchoka pa waya kupita pa wina mosataya nthawi. Ine kadandikana. Zala zanga n'zikuluzikulu, ndipo ndikakwapula makodi chikhadabo chinkakhula mawaya mpaka kutsala pang'ono kung'ambika.

Nsonga yakuthwa imatulutsa mawu osongoka, obaya khutu, pamene yobulungira imatulutsa ofatsa. Kutanthauza kuti piki imodzi ili ndi mawu awiri. Itembenuzeni muimbire phewa lake m'malo mwa nsonga, mumva gitala itadekha. Nyimbo za pa maliro ndi za pa mgonero ine ndimaimbira phewa, ndipo palibe amene amadziwa kuti ndi piki yomwe ija yovinitsa anthu pa ukwati. Nsonga imathanso ngati khasu. Mukaona kuti m'mphepete mwayamba kukakala kapena mwatuluka timano, dziwani kuti timanoto tikukwekwesa mawaya. Ikhuleni pa kansalu ka jinzi kapena pa sandipepala wosalala kwambiri, ibwerera mwakale.

Koma piki ikhale yabwino chotani, kagwiridwe kakalakwika palibe chimene mwachita. Pindani chamkombaphala pang'ono, gonekani piki pambali pa kamfundo kake komaliza, chala chachikulu chitseke pamwamba, nsonga ituluke pang'ono chabe, ngati njere ya chimanga. Mphamvu yake ikhale yoti mwana atakoka ichoke, koma mutagwedeza dzanja isagwe. Akuluakulu adati chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma sadati zala ziwiri ziziswa piki. Dzanja liziyenda momasuka pamfundo yake, osati mkono wonse kuuma ngati mukusinja. Mukaipendeketsa pang'ono kuti idutse waya cham'mbali, imatsetsereka mosakodwa. Malo amene mukukanda nawonso amasintha mawu: kumunsi, pafupi ndi pomwe mawaya adamangidwa, amauma ngati a banjo, pamene pamwamba pa bowo amanona.

Tsopano kwa amene Mzuzu ili kutali. Khadi la ku banki lotha ntchito limakhuthala pafupifupi 0.76, ndipo chikhadi chija chimatsala mukathyola SIM ya TNM kapena Airtel n'chimodzimodzi. Imeneyo ndi piki yapakati yongodikira sizasi. Ikani piki ina pamwamba, zungulizani ndi bolopeni, dulani, kenako kwechani m'mphepete ndi sandipepala kapena pa simenti yosalala mpaka pasakhale pokanda waya. Khadi limodzi la banki limatulutsa mapiki atatu kapena kuposerapo. Onetsetsani kuti manambala ndi kachitsulo kake mwaziduladula musanataye, ndipo chiphaso cha unzika chisiyeni, si cha nyimbo. Zodula chonchi sizikhalitsa, koma zimaimba. Chigubu cha mafuta ophikira chimatulutsa yofewa ya mawu ogonthera, ndipo chivundikiro cha majarini chimatulutsa yopyapyala yoyenera mwana wongoyamba kumene. Osema ziboliboli athu angakusemereni ya mtengo wolimba kapena ya nyanga ngati ya agogo aja, mukawapatsa chitsanzo n'kuwaonetsa pomwe chala chanu chimakhala.

Ena amaimbira ndalama yachitsulo. Si zachilendo, pakuti Brian May wa gulu la Queen la ku Britain amadziwika dziko lonse poimbira sikisipensi yakale. Mawu ake ndi akuthwa ndithu, koma chitsulo chimadya mawaya, ndipo kuno thukuta ndi chinyezi zimakhala zitawachititsa kale dzimbiri. Mkuluyo ali ndi anthu omusinthira mawaya. Ife waya ukaduka timamanga mfundo n'kupemphera kuti ufike Lamulungu.

Ndisakunamizeni kuti popanda piki palibe nyimbo. Gitala ya kuno ku Africa idakulira m'zala. Mwenda Jean Bosco wa ku Katanga, yemwe Hugh Tracey adamujambula mu 1952, nyimbo yake yotchuka ya Masanga adaiimba ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala. Malemu Daniel Kachamba wa ku Chileka, yemwe adatisiya mu 1987, ankatulutsa besi ndi lidi nthawi imodzi pa gitala imodzi, moti womvera pa wailesi ankayesa alipo awiri. Ku America, Wes Montgomery adatchuka pa jazz akuimbira chala chachikulu chokha. Ndipo konkuno kwathu tili ndi Gasper Nali, amene babatoni yake ya waya umodzi amaimenya ndi kamtengo, dzanja lina likuyendetsa botolo pa waya, phazi likuponda ng'oma, ndipo luso limeneli lamufikitsa mpaka ku Ulaya. Onsewa akuonetsa chinthu chimodzi, kuti mawu amayambira pa chimene chakhudza waya, chikhale chala, kamtengo kapena pulasitiki, ndipo aliyense wa iwo adasankha chake mwadala. Akadakhala iwo pa ukwati uja, sakadazondotsa gitala pamaso pa apongozi a eni ake. Lero nyimbo iliyonse ndimaiphunzira pawiri, ndi piki komanso ndi zala.

Ine kafukufuku wanga adathera pa ziwiri: yachikasu ndikamaperekeza kwaya, yobiriwira ndikamatsogolera nyimbo pa ukwati, zonse zotemedwa ndi lezala. Kuyambira pamene ndidasiya kufinya, ndimaimba masana onse dzanja osachita dzanzi. Sindikuti piki ndi mankhwala ayi. Dzanja likamapweteka kapena kuchita dzanzi kosalekeza, pitani kuchipatala monga ndidachitira ine, ndipo mukauzidwa kupuma pumani. Komanso musatengere zanga. Mukapeza mpata wogula, musagule khumi ofanana. Gulani anayi kapena asanu osiyana kukhuthala, muyese nokha pa gitala yanu ndi thukuta lanu, kenako mudzagule ambiri a imene yakukondani.

Chimene chandikakamiza kulemba zonsezi ndi mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa Fomu 4. Bambo ake adamugulira gitala yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo amaimba m'kwaya ya achinyamata. Tsiku lina adafika kwathu nkhope ili gwa.

"Asibweni, gitala iyi ndi yakufa. Ndapeza wogula. Ndiwonjezera ya ganyu, ndikagule ina ku Mzuzu."

Mtengo umene wogulayo adatchula udali wongomulanda. Ndipo mlongo wanga adali atandinong'oneza kale kuti ndalama imene adasunga ya mayeso a MSCE mnyamatayo wayamba kuifunsa mafunso.

"Umaimbira chiyani?" ndidamufunsa.

Adatulutsa kachidutswa ka chivundikiro cha majarini, kodulidwa ndi mpeni wobuntha, m'mphepete muli manomano, ndipo adakagwira ndi zala zitatu ngati akutsina nsima. Ndidamukhazika pansi, ndidamupatsa mapiki atatu, imodzi ya nayiloni, yachikasu yanga ndi ina yodula ku khadi, n'kumuonetsa kagwiridwe. Atakwapula kodi yoyamba adaima n'kundiyang'ana.

"Asibweni, mwaichuna?"

"Sindidaikhudze. Imba."

Adaimba mpaka nsima kuzizira. Ndinene zoona, gitalayo ili ndi mavuto ake. Mawaya adali adzimbiri, ndipo adakwera pang'ono moti dzanja lamanzere limagwira ntchito yaikulu. Piki singawongole khosi la gitala lopindika, ndipo gitala ina imakhaladi yofunika kusintha. Koma iyi idangofuna mawaya atsopano ndi kapulasitiki kodulidwa bwino. Mnyamatayo adasankha ya khadi ija, nati ndiyo imamukhala. Gitala sidagulitsidwe, ndipo mayeso adalipira pa nthawi yake.

Masiku ano popita koimba ndimanyamula atatu: imodzi m'zala, ina yopana pakati pa mawaya kumutu kwa gitala, yachitatu m'thumba la malaya. Ikagwera m'bowo, ndimaisiya momwemo mpaka nyimbo ithe. Ndikafika kunyumba ndimagoneka gitala chagada, n'kuigwedeza pang'onopang'ono mpaka piki ionekere pansi pa bowo, kenako ndimaitola ndi pensulo yomata kaselotepi kunsonga.

Mwezi wathawu ndidabwereranso kwa agogo aja ndi gitala. Adamvetsera nyimbo yonse mpaka kumapeto osandigwira dzanja. Kenako adapempha yachikasu ija, adaipapasa mizere ya lezala, adakanda nayo mawaya kawiri katatu, n'kundibwezera.

"Yakukhalani," adatero. "Koma nyanga ndi nyanga."